MAGETSI A M'NYUMBA: ZOYENERA KUCITA MVULA ISANAGWE

Munthu aliyense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa lamulo loyamba la kumeneko. Asanayambe kuboola mwala, ayamba wagogoda denga ndi citsulo cacitali, namvetsera. Mwala wolimba ulira mosiyana ndi mwala wong'aluka umene uli pafupi kugwa. Palibe wanzeru amene amati, "Dzulo denga linali bwino, tsono lero ndingolowa." Koma munthu yemweyo akaweruka nabwerera ku nyumba kwake ku Wusakile, ku Kankoyo kapena ku Roan, amagona ndi ana ake pansi pa denga lina limene sanaliyang'anepo zaka zambirimbiri. M'denga limenelo, ndiponso m'zipupa, muli mawaya a magetsi, ndipo nawonso amakalamba, kuphwa ndi kung'aluka.

Nyengo yoyesa mawaya amenewa ndiyo miyezi ya Okutobala, Novembala ndi Disembala. Mu Okutobala dzuwa liswa mtengo, ndipo pakati pa malata ndi siling'i pamatentha koposa pabwalo. Pambuyo pake igwa cizimalupsa, kenaka mvula yeniyeni ndi mphepo ndi mphezi zake. Ku Copperbelt imagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pa caka, ndipo pafupifupi yonseyo igwa m'miyezi yocepa cabe. Kutentha kumafooketsa waya, ndipo madzi amapeza pamene pafookapo. Cifukwa cace nthawi yabwino yoyendera nyumba ndiyo Seputembala kapena kuciyambi kwa Okutobala, denga likali louma.

NCHITO IMENEYI NDI YA YANI?

Kale nyumba zambiri za m'makomboni zinali za kampani ya mgodi kapena za kanselo. Waya akapsa, munthu ankangopita ku ofesi kukanena, ndipo wamagetsi ankabwera ndi makwerero ake. Kuyambira m'caka ca 1996 nyumba zambiri za kanselo zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo m'zaka zotsatira ZCCM nayonso inagulitsa nyumba zake kwa anchito ake. Anthu anakondwera kukhala eni nyumba, koma ambiri sanazindikire kuti pogula nyumba anagulanso mawaya ake okalamba. ZESCO, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1970, imasamala mawaya a pa mitengo ya mu mseu kufikira pa mita. Kuyambira pa mita kulowa m'kati, zonse ziri m'manja mwa mwini nyumba.

Magetsi a ku Kariba anafika ku Copperbelt m'caka ca 1960, ndipo m'nyumba zina mukali mawaya a msinkhu womwewo. Mawaya akalekale anakutidwa ndi mphira ndi nsaru, ndipo mphira akakalamba amauma nayamba kugumuka ngati cikungwa ca mtengo wakufa. Ndiponso amene anaika mawayawo anali kuganizira za nyumba yokhala ndi mababu ocepa, wailesi ndi nsimbi. Lero nyumba yomweyo iri ndi citofu, firiji, ketulo, wailesi ya kanema, mafani ndi mafoni, ndipo kuseri kwamangidwa zipinda zina za alendi. Katundu wacuruka, koma womusenza akali yemwe uja.

CIFUKWA CACE WAYA AMATENTHA

Magetsi amayenda m'waya wa mkuwa monga madzi ayenda m'paipi. Mphamvu imene imawakankha iyesedwa ndi mavoliti, ndipo m'nyumba za m'Zambia iri mavoliti 230. Kucuruka kwa magetsi oyenda m'wayamo kuyesedwa ndi maampeya. Mphamvu imene ciwiya ciriconse cimadya iyesedwa ndi mawati, ndipo ciwerengero cace cimalembedwa kumbuyo kapena kunsi kwa ciwiyaco. Munthu akacurukitsa mavoliti ndi maampeya apeza mawati.

Pulagi ya mano atatu aphwatalala imene iri m'nyumba zambiri inapangidwa kuti isenze maampeya 13. Tsono 230 kucurukitsa ndi 13 zipatsa mawati 2,990. Amenewa ndiwo malire a soketi imodzi. Anthu ambiri amaopa kuti fani yoyenda usiku wonse idzapsereza nyumba, koma fani ya pa tebulo imadya mawati 50 kapena kuposerapo pang'ono. Firiji ya m'nyumba imadya pakati pa 100 ndi 200. Ziwiya zolemera ndizo zimene nchito yao ndi kutenthetsa: ketulo imadya pafupifupi 2,000, nsimbi imayambira pa 1,000, ndipo citofu ca mbale ziwiri cimafika 2,000 kapena kupyola. Mai akalumikiza ketulo ya 2,000 ndi nsimbi ya 1,200 pa adaputa imodzi, wafika kale pa 3,200, ndipo wadumpha malire. Lamulo losabvuta kukumbukira ndi ili: ciwiya cotenthetsa cikhale ndi soketi yaceyace ya pa cipupa, cosagawana ndi cina.

Waya aliyense wosenza magetsi amafunda pang'ono, ndipo amataya kutenthako mu mpweya womuzungulira. Mu Juni mpweya wozizira umamuthandiza. Mu Okutobala, pansi pa malata, alibe kotayira. Cimodzimodzi waya wautali wolumikizira amene wapindidwa mwa nkhata, kapena wabisidwa pansi pa mphasa kapena matiresi: kutentha kumaunjikana mpaka pulasitiki yomukuta isungunuke. Mawaya ena ochipa a pa msika ali ndi cikuto conenepa koma mkuwa wa m'kati ngwoonda ngati ulusi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wa ku migodi, amene adziwa kulemera kwa mkuwa, akhoza kuzindikira waya wotere pongomunyamula m'manja.

Koma moto kawirikawiri umayambira pa mfundo. Pamene mawaya awiri akumana osamangika zolimba, kapena pamene sikuruu ya m'soketi yakhwefuka, magetsi amadutsa pa kanjira kopapatiza, napatenthetsa kwambiri, nthawi zina nkuthetheka. Mfundo yopotedwa ndi manja ndi kukulungidwa ndi pepala la pulasitiki ndiyo mbeu ya moto.

KUYENDERA NYUMBA

Mwini nyumba safunikira zitsulo kuti apeze zizindikilo zoyamba. Maso, mphuno ndi makutu zikwanira. Ayambe cipinda cimodzi napite cina, kuyang'ana soketi ndi swichi iriyonse. Soketi yakuda m'mbali mwa timabowo, yosweka, kapena yogwedera pa cipupa iyenera kusinthidwa. Pulagi imene imatentha kotero kuti munthu sangaigwire pambuyo pa kusita iri ndi bvuto. Fungo longa la pulasitiki yopserera kapena la nsomba yoola, pamene m'nyumba mulibe nsomba, ndi cenjezo loopsya. Swichi yolira ngati njuci, ndi babu limene limaphethira popanda cifukwa, zisonyeza mfundo yokhwefuka.

Ayang'anenso zingwe za ziwiya, makamaka ca nsimbi pamene cilowera m'cigwiriro, pakuti ndipo cimapindika masiku onse. Cizolowezi colowetsa mawaya osenda m'soketi ndi kuwapanikiza ndi timitengo ta macesi ncoopsya koposa. Pulagi yatsopano mtengo wace ngwocepa poyerekeza ndi moyo wa mwana wokwawa. Firiji aisendeze pang'ono kucoka ku cipupa kuti mpweya uziyenda kumbuyo kwace, napukute fumbi la kumeneko ataizima, pakuti m'nyengo yotentha injini yace imagwira nchito nthawi yaitali. Mababu akale a mawati 60 kapena 100 amatentha kwambiri. Atsopano a LED amawala cimodzimodzi ndi mawati ocepera 15.

Cimene mwini nyumba apeza, asacikonze magetsi ali m'waya. Ku mgodi palibe amene amagwira makina asanazime ndi kukhoma swichi yace. Ku nyumba lamulo ndi lomwelo: azime swichi yaikuru, auze onse a m'nyumba kuti asaiyatse, ndipo manja ndi pansi pomwe zikhale zouma.

FYUZI NDI MLONDA, SI MDANI

M'bokosi la magetsi la nyumba zakale muli mafyuzi. M'zatsopano muli mabuleka. Nchito yao ndi imodzi. Fyuzi ndi kawaya kopangidwa dala kofooka, kuti magetsi akacuruka kapse iko koyamba, mawaya a m'denga asanatenthe. Buleka imacita comweco mwa kugwa yokha. Tsono fyuzi ikapsa kawirikawiri, kapena buleka ikamagwaigwa, mlonda akupfuula kuti pali mbala.

Colakwa cacikuru cimene anthu amacita ndi kutseka pakamwa mlondayo. Ena amaika waya wonenepa wa mkuwa, msomali, kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi. Ena amamanga buleka kuti isagwe, kapena kuikapo yaikuru. Magetsi saduka, inde, koma tsopano copsa ndi waya wa m'denga, pafupi ndi mitanda youma. Fyuzi yopsa isinthidwe ndi ina ya muyeso womwewo. M'pulagi ya mano atatu mumakhalanso kafyuzi: ka maampeya 3 kayenera nyale ndi wailesi, ka 13 kayenera ketulo ndi nsimbi. Pa bokosi pasaunjikidwe nsaru, mapepala kapena parafini, ndipo wamkuru aliyense wa m'nyumba adziwe pamene pali swichi yaikuru, kuti aipeze ngakhale mu mdima.

WAYA WOPITA M'NTHAKA

Fyuzi imateteza nyumba ku moto, koma pa yokha siteteza munthu. Magetsi ocepa kwambiri, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a ampeya imodzi, akhoza kusokoneza mtima akadutsa m'cifuwa. Khungu louma limakana magetsi pang'ono. Khungu la thukuta kapena lonyowa limakana mocepa koposa. Ndico cifukwa cace ciwiya cimene cinkangotsina pang'ono mu Julayi cikhoza kupha mu Novembala, munthu ataima wopanda nsapato pa simenti yonyowa.

Mtetezi wa munthu ndiye waya wacitatu, amene amagetsi amamutcha earth. Pa zingwe za ziwiya za masiku ano ngwobiriwira ndi wacikasu. Pa mawaya akale ngwobiriwira yekha kapena wosakutidwa. Iye amalumikiza citsulo ca citofu, ca firiji ndi ca giza ku nthaka. Waya wamoyo akakhudza citsuloco, magetsi amathawira m'njira imeneyo, fyuzi nkupsa, m'malo modikira dzanja la munthu. Dzino lalitali la pulagi ndilo lace, ndipo kulithyola kapena kulisiya losalumikiza ndiko kucotsa mtetezi. Pa nyumba zambiri waya ameneyu amatsikira ku citsulo cokhomedwa pansi pafupi ndi mita. Kumeneko amacita dzimbiri, amadulidwa ndi khasu, ndipo nthawi zina amatengedwa ndi akuba mkuwa. Mwini nyumba apite akaone ngati akalipo.

Pali cipangizo cina coikidwa m'bokosi, cotchedwa earth leakage, cimene cimazima magetsi m'kamphindi cikazindikira kuti ena akuthawira pambali, ngakhale ocepa ngati magawo 30 mwa 1,000 a ampeya. Ciri ndi batani loyesera, ndipo munthu akalidina magetsi ayenera kuzima nthawi yomweyo. Akapanda kuzima, cipangizoco cafa. Nyumba imene iribe, makamaka yokhala ndi ana, iyenera kuciganizira cisanafike cina ciriconse cogula. Ndipo ngati pompi wa m'bafa, sinki kapena citofu cicititsa dzanzi m'dzanja, pasakhale kudikira malipiro a mwezi: swichi yaikuru izimidwe ndi wamagetsi aitanidwe tsiku lomwelo.

DENGA NDI PABWALO

Walira mvula walira matope. Dontho limodzi locokera pa msomali wa lata likhoza kuyenderera pa mtanda mpaka kulowa m'coikira babu. Banga lofiirira pa siling'i pafupi ndi nyale lisonyeza kuti caka catha madzi anafikapo, ndipo caka cino adzafikanso. Denga likonzedwe likali louma. Wokwera m'denga, atazima swichi yaikuru, aone ngati makoswe atafuna cikuto ca mawaya, ngati ciswe calowa, ndi ngati pali waya wokhuzana ndi m'mphepete mwa lata. Lata limadula cikuto pang'onopang'ono pamene mphepo iomba, ndipo likafika pa mkuwa denga lonse likhala lamoyo, pamodzi ndi waya woyanikapo zobvala amene wamangidwa ku dengalo. Amai ndi ana ndiwo amagwira waya wotereyu ndi manja onyowa.

Mawaya opita ku zipinda za kuseri, ku khola la nkhuku kapena ku kantemba ndiwo oopsya koposa. Kawirikawiri amakhala cingwe wamba ca m'nyumba, cokwiriridwa pang'ono m'dothi kapena copacikidwa pa mpanda. M'cirimwe cimagwira nchito; mvula ikagwa, dothi lonyowa ndi zithaphwi zimene ana amaseweramo zimalandira magetsi. Waya wa pabwalo ayenera kukhala wa mtundu wopangidwira pabwalo, woikidwa ndi wamagetsi, ndi wokhala ndi buleka yaceyace. Nyale ya pa khonde, imene inswa zimaunjikanapo, ikhale ndi cobvundikira cosalowa madzi.

Nthambi za mango kapena za mapeyala zimene zafika pa waya wocokera ku mtengo wa mu mseu zisadulidwe ndi mwini nyumba kapena mwana wace. Waya ameneyo sazima ndi swichi ya m'nyumba. Eni ace a ZESCO auzidwe. Cimphepo cikagwetsa waya pansi, aliyense amuyese wamoyo ngakhale komboni yonse iri mu mdima, aime patali, aletse ana, ndi kutumiza mau msanga.

MPHEZI

Mphezi siifunikira kugwa pa nyumba kuti iononge. Ikagwa pa mawaya patali, mphamvu yace imayenda m'mawayamo nkulowa m'nyumba zambiri nthawi imodzi. Kuzima swichi ya pa cipupa sikukwanira, pakuti mphamvu yotere imadumpha kampata kakang'ono ka m'swichi. Cotsimikizika ndi kuzula pulagi ya wailesi ya kanema ndi ya kompyuta, pamodzi ndi waya wocokera ku mlongoti kapena ku dishi, mvula ikali patali. Kutalika kwace nkosabvuta kuwerenga: mau amayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, cotero bingu likamveka masekondi 9 pambuyo pa kung'anima, mphezi iri pa makilomita atatu. Pa nthawi yotere munthu asasambe, asagwire mipope, ndipo asagwiritse nchito foni yolumikizidwa ku cipupa.

MAGETSI AKAPITA NDI KUBWERA

Magetsi ambiri a m'Zambia amacokera ku madzi a Zambezi ndi Kafue. Mvula ikacepa, monga zinacitikira m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024, nyanja ya Kariba imatsika ndipo magetsi amagawidwa mwa maola. Ndipo madzi amakhala otsikitsitsa m'miyezi yomweyi yotentha. Pamenepa pali ngozi ina. Magetsi amapita mphika uli pa citofu kapena nsimbi iri pa bulangeti. Anthu amaiwala, nagona kapena kupita ku nchito ya usiku. Magetsi akabwera pakati pa usiku, palibe woona. Cizolowezi cabwino ndi ici: magetsi akangopita, munthu mmodzi ayendere nyumba nazime zonse pa cipupa, kusiya babu limodzi loti lidziwitse akabwera. Atabwera, firiji idikire mphindi zingapo isanayatsidwe.

Jenereta ikhale pabwalo, kutali ndi mazenera, pamalo osagwa mvula, pakuti utsi wace uli ndi mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, womwe uja wa mbaula ya malasha m'cipinda cotseka. Isalumikizidwe konse ku soketi ya pa cipupa: magetsi ace amabwerera ku mawaya a mu mseu, ndipo akhoza kupha munthu amene wakwera mtengo kukonza, poyesa kuti azimidwa. Pafunika swichi yosinthira yoikidwa ndi wamagetsi. Mabatire a sola asungidwe pamalo ozizira ndi opita mpweya, osati pansi pa bedi.

NGOZI IKACITIKA

Munthu akagwidwa ndi magetsi, womuthandiza asamukhudze ndi manja, pakuti adzagwidwa onse awiri. Athamangire ku swichi yaikuru. Ngati iri kutali, aime pa thabwa louma namukankhe ndi mtengo wouma. Ngati wobvulalayo sapuma, agonekedwe cagada ndipo wina adinikize pakati pa cifuwa cace mwamphamvu, ka 100 kufikira ka 120 pa mphindi imodzi, osaleka kufikira thandizo lifike. Amene anaphunzira cithandizo coyamba ku mgodi aphunzitseko a m'nyumba zao. Ngakhale munthuyo adzuke nanena kuti ali bwino, apite naye ku cipatala, pakuti magetsi amapsereza m'kati ndi kusokoneza mtima.

Moto wa magetsi usathiridwe madzi swichi isanazimidwe. Mcenga wouma ndiwo woyenera, ndipo ndowa imodzi ya mcenga pafupi ndi khicini siidya ndarama. Moto ukalowa m'denga, ana ndi okalamba aturutsidwe coyamba, ozimitsa moto aitanidwe, ndipo pasakhale wobwerera m'kati kukatenga katundu.

WAMAGETSI WENIWENI

Kuyang'ana, kununkhiza, kuzula mapulagi ndi kukonza denga ndi nchito ya mwini nyumba. Kutsegula bokosi, kusintha mawaya ndi kuyesa waya wa m'nthaka ndi nchito ya munthu wophunzira, wokhala ndi satifiketi ndi zipangizo zoyesera. M'komboni iriyonse muli mnyamata wodziwa kuyatsa babu ndi mtengo wocepa. Koma kuti babu layaka sindiko kuti nyumba iri bwino. Safunsa anadya phula. Mwini nyumba afunse mapepala, aonerere kuyesako, ndipo ngati ndarama sizikwanira zonse nthawi imodzi, ayambe ndi waya wa m'nthaka, earth leakage ndi mawaya a pabwalo. Mlendi amene aona zizindikilo zimenezi auze mwini nyumba msanga, pakuti wogona m'cipindamo ndi iyeyo.

Nyumba imene bambo anailandira pambuyo pa zaka zambiri za pansi pa mgodi ndiyo cuma cimene ana adzatsala naco. Tsiku limodzi la Loweruka, mitambo isanayambe kuunjikana, likwanira kuiyendera yonse.